Filimu ya mtendere imene inatsala pang'ono kundilanda mkazi

Anzanga, mukamaona ndikusuntha pang'onopang'ono anthu akayamba kukamba za mafilimu, musamati ndi matama ayi, ndinapsa nazo. Ine kwathu ndi ku Ntchisi, ku Mzimba kuno ndinabwera ndi uphunzitsi, ndiye mtima unakagwera Tiwonge wa ku Engutwini. Zonse zinali bwino kupatula chimodzi: bambo ake ndi akulu awo anali atatha zaka ziwiri osalankhulana chifukwa cha malire a dimba, ndipo kumeneko nkhani ya ukwati siyamba bambo aakulu asanakhale pansi ndi mng'ono wawo kulandira thenga, munthu wotumidwa kukafunsira mbeta. Thenga wanga anabwezedwa kawiri.

Ndiye nzeru za kusukulu zinandikwera kumutu. Ine ndimakonda mafilimu akalekale a zam'mlengalenga, akuda ndi oyera aja, oti roketi ikamauluka ukuchita kuona chingwe chimene aipachikira. Ambiri amalalikira chinthu chimodzi, kuti nkhondo ilibe wopambana. Ndinali nayo ina ya mizinda iwiri ya kumwezi yolimbirana chitsime, imamenyana mpaka anthu onse kutha psiti, chitsime n'kutsala chopanda womwa. Ndinati basi, madala awiriwa akaonera imeneyi agwirana chanza misozi ili mbwee. Tiwonge anandichenjeza kuti kwawo mkamwini salongolola pamaso pa apongozi, ine n'kumuyankha kuti awa ndi maphunziro.

Lamlungu masana anthu atatuluka m'tchalitchi, ndinakhazika laputopu pa mtondo pansi pa mtengo wa mango, pakati pa nyumba za madala awiriwo. Onse anabwera, aliyense ndi mpando wake, atapatsana nkhongo pang'ono. Poti filimu ndi ya Chingelezi, ndinayamba kumasulira ngati ma DJ a m'mavidiyo sho aja, ndipo mayina a mizindayo atandivuta ndinangoti awa ndi a kumtunda, awa ndi a kumunsi. Kodi ndinayang'ana kuti nyumba ya apongozi anga ili kumtunda, ya akulu awo kumunsi? Mphunzitsi wa jogalafe ine, sindinayang'ane.

Azimayi amene anabwera kudzaonera nawo ataseka kamodzi, mutu unakula. Ndinaimirira, kumayerekeza mawu a asilikali, kumadumpha, fumbi koboo. Atatulukira mkulu wa nkhondo wa kumunsi, wadazi lonyezimira, ndinati, "Taonani chimdala chadazi ichi, chaumbombo, chikufuna madzi onse chokha." Bambo aakulu anavula chipewa pang'onopang'ono n'kupukuta dazi lawo ndi kansalu.

"Asambizgi," anatero, kunditchula mphunzitsi m'chilankhulo chawo, "chitsimecho anakumba ndani poyamba?"

Ndinati filimu sinanene zimenezo, adada. Apongozi anga anayankhira mbali ina, osawayang'ana akulu awo, kuti mbwenu n'zoonekeratu, madzi amachokera kumtunda. Bambo aakulu anati a kumtunda ndi akuba chomene kuyambira kale, tangoonani mmene akuyendera. Anthu amenewa ndi ovina ingoma, gule wankhondo uja, nkhondo amaionera ndi diso lina, moti m'malo momva chisoni anayamba kudzudzula asilikali kuti sadziwa kuzinga mdani.

Ine thukuta kamukamu, koma mumtima ndikuti dikirani mathero, onse afa, mumva. Ndiye a kumtunda anaponya chibomba chawo, mzinda wa kumunsi n'kuyaka, ndipo pomwepo laputopu inati thii, kuzima. Ndinali nditaiwala kutchaja.

"Yewo, asambizgi," anatero apongozi anga akuimirira, nkhope ili ngwee. "Phunziro talimva. Woyamba kumenya ndiye amapambana."

Ndinachonderera kuti ayi, kutsogoloko a kumtundanso amafa onse, palibe wotsala. Ndani akanandikhulupirira? Bambo aakulu anatola ndodo yawo n'kundiloza nayo, akuti ndachoka ku Ntchisi konse kudzawatukwana dazi ndi kuwatenthera mudzi pa wailesi ya kanema. Pothawa ndinapunthwa pa mtondo uja, n'kukagwera pamiyendo pa apongozi aakazi, amene mwamwambo sindiyenera n'komwe kuwayandikira. Tiwonge anangophimba kumaso ndi chitenje. Ndinakwera njinga ndikudziwa kuti mkazi wapita, ndipo kunena zoona ndinalira m'njira.

Patatha sabata ndinamva kuti abale awiriwo akhala pamodzi pafupi ndi khola la ng'ombe tsiku lathunthu, koyamba m'zaka ziwiri, kukambirana mlandu wanga. Anagwirizana pa chilichonse: kuti ndine wopanda mwambo, wolongolola, ndiponso kuti mutu wanga suyenda bwino. Kenako anaitanitsa thenga n'kumuuza kuti mwana wawo apereka, chifukwa munthu wotereyu akasiyidwa wopanda womuyang'anira adzayatsa boma lonse la Mzimba.

Za dimba akukanganabe mpaka lero, koma akandiona ndikubwera amakhala benchi imodzi n'kumapukusa mitu limodzi. Ine ndinalumbira kuti ndikamva anthu akuyambana, ngakhale atagwirana pakhosi, ndizingopereka moni n'kumapita.