Kusupa ndi Mapepala a M'golosale

Lolemba
Loweruka ndi ukwati wa Tadala, mwana wa achemwali anga, ku Kahawa. Abale onse ali ku Malawi, ndiye mayi wake kuno ndine. Pa perekaniperekani ndiyenera kuvina nyimbo yonse ndikuponya ndalama, akuchimuna aone kuti mwanayu ali ndi kwawo. Vuto: Nairobi muno aliyense amalipira pa foni. Foni sungaiponye m'lichero. Pulani: kugula tinthu ting'onoting'ono ndi ndalama yaikulu kugolosale yapafupi muno m'Madaraka, chenji ndizisunga.

Lachiwiri
Ndikugula machesi. Mayi wagolosale akuti, "Sina change," kutanthauza kuti alibe chenji, n'kundipatsa timapepala tobiriwira tokhala ndi chidindo chake. Pa kalikonse palembedwa 20. Akuti ndi ndalama ndithu, bola ndizigulira kwa iye. Kuno n'kwa eni, ndalandira.

Lachitatu
Zogula: singano, mchere, machesi ena. Chenji chenicheni: palibe. Mapepala: adzaza kachikwama.

Lachinayi
Ndikuyesa kulipira matatu, minibasi ya kuno, ndi kapepala kamodzi. Kondakitala akukatembenuza uku ndi uku, kenako akufunsa mokweza ngati imeneyi ndiye ndalama ya ku Malawi. Galimoto yonse ikuseka. Zandipweteka. Kwacha yathu yavutika, inde, koma siinafike pamenepo.

Lachisanu
Kubanki ndikufika atatseka, msewu unadzaza. Bambo a kunyumba akuti, "Ingovinani bwino, sakuyang'anani m'manja." Akunenayo ndi munthu amene pa ukwati wathu anavina atakhala.

Loweruka
Ndikuvina. Ndikuponya. Timapepalati tikuuluka bwino kuposa ndalama zenizeni! Nthungululu holo yonse. Nyimbo itatha, owerengera ndalama akunong'oneza woyendetsa mwambo, ndipo iye pa maikolofoni: "Amayi a mkwatibwi asupa shuga ndi mafuta ophikira, zokatenga ku Madaraka." Akuchimuna, Akenya, akuwomba m'manja, akuyesa ndi mwambo wa kwathu. Amalawi aweramitsa mitu, mapewa akugwedezeka. Manyazi andigwira, keke sindinadye.

Lamulungu
Tadala ndi mwamuna wake afika ndi mapepala onse m'jumbo. Golosale ndi yotseka, mwini wake ali kutchalitchi tsiku lonse. Adya nkhuku yanga, ndawatumizira ya matatu pa foni. Pakhomo Tadala akundigwiritsa jumbo ija: "Khalani nawo amayi, ku Kahawa satilandirira. Muzigulira machesi."

Basi, zatero. Machesi ndili nawo kale mapaketi asanu.