Tsiku Limene Kabokosi ka Mandevu Kanandiyalutsa

Mwamva pa wailesi kuti katswiri wa chesi wa dziko lonse wagonja kwa kompyuta, ndiye mukumuseka? Sekani inu, ine ayi. Munthuyo ndikumumvetsa, chifukwa zoterezi zinandionekera ine kalekale, kungoti za ine sanaulutse pa wailesi. Bola muimve kwa mwini wake nkhaniyi, amalume anga akamaifotokoza amathira mchere wambiri.

Nthawi imeneyo ndinali khukhi kunyumba kwa mzungu wa pulazi ya fodya cha ku Mvurwi, kudziko la Ashona, chisanafike chilala chija tinkadya ufa wachikasu. Mzunguyo tinkamutcha Mandevu. Chesi ndinaiphunzira nditaima ndi thireyi ya tiyi, kumuonerera akusewera ndi mnzake wa pulazi yoyandikana, ndipo atagula bolodi latsopano, lakale anandipatsa. Ndinapita nalo kukomboni kwathu, pamene panasowa asilikali awiri tikumaika zitsekerero za mabotolo, ndipo posakhalitsa anthu amene ankasewera drafuti pansi pa mtengo wa msasa anayamba kulimbirana bolodi langa.

Wodziwa kale chesi pakomboni ponse anali mmodzi, bambo Zuze, folomani wa kumabhani koumitsira fodya. Anachokera ku Tete, masewerawo anawaphunzira kwa ansembe a kumishoni ali mnyamata, ndipo anali mkulu wa mpingo, osamwa, osasuta, osalankhula zambiri. Komanso anali bambo ake a Rozina, ndiye vuto lake linali pamenepo. Atamva kuti ndikuzungulirazungulira kumpopi kumene mwana wawo ankatunga madzi, anangouza anthu kuti mwana wawo sapita kwa munthu wopanda mutu, makamaka wa ku Malawi wokonda ng'oma za gule. Ine ndinati mutuwo ndiwaonetsera pabolodi. Ndipo ndinkawagonjetsadi, Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi, zaka ziwiri zathunthu.

Tsono apa ndiulule, poti zinadziwika kale. Chesi yanga inali ya pakamwa ndi ya maso. Ndinkayang'ana nkhope ya munthu, akayamba kukanda m'mutu ndadziwa kuti wasochera, ndiye ndimuyimbira kanyimbo, ndimufunsa ngati akufuna ndimuitanire mkazi wake adzamuthandize, kavalo ndikumumenyetsa pabolodi kuti gwa, ngati tikusewera drafuti. Ambiri ankagonja ndi mkwiyo chabe. Koma bambo Zuze sankakwiya, ndiye kwa iwo ndinali ndi njira ina. Pa pulazi ya fodya pali zinthu ziwiri zimene palibe munthu angazimve osatembenuka: utsi wachilendo kumabhani, ndi ng'ombe zolowa m'mabedi a mbande. Zikandithina ndinkangodzutsa mutu n'kufunsa mofatsa ngati ujeniwo si utsi, onse maso uko, folomani mpaka kuimirira, ine kachala kakang'ono kakankha kanthu kamodzi ka pabolodi nyumba imodzi basi. Sindinkakutcha kuba kumeneko. Ndinkati kukonza.

Ndiye Mandevu anabwera kuchokera ku Joni ndi kabokosi. Kanali bolodi ndithu la chesi, koma ka mabatire, kokhala ndi timagetsi tofiira m'mbali monse, iye nkumati kompyuta. Ukamasewera umadinikiza kanthu kako panyumba pamene kali, kabokosi kalira kuti pii, udinikizanso pamene wakaika, pii, kenako iko kaganiza, n'kuyatsa timagetsi tosonyeza chimene kakufuna, iwe n'kukasunthira poti kalibe manja. Kankamukwapula Mandevu tsiku ndi tsiku, mpaka anayamba kudandaula kuti tiyi wanga akuzizira, tiyi wotentha bwinobwino. Tsiku lina ndikuchotsa makapu pakamwa panga panandipereka, ndinati kukomboni sitigonja kwa chinthu chopanda mutu. Anandiyang'ana, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndikatenge Lamulungu ndikasewere nako. Anati wakaika pa mphamvu yotsikitsitsa, imene amaikira ana ake akabwera kutchuthi. Mawu omalizawo sindinawafikitse kukomboni.

Mvetsani nthawi yake. Loweruka lotsatira amalume anga a Gasiteni, nkhoswe yanga, amene Ashona amati munyai, amayenera kupita kwa bambo Zuze kukamva yankho la mawu amene tinatula pa za Rozina. Yankholo linali litachedwa kale, ndipo mphekesera zinali zoti dalaivala wa thirakitala, wa mpingo wawo womwewo, akuzungulira kumpopi komweko. Ndinaganiza kuti madala akandiona ndikugwetsa makina a mzungu pamaso pa anthu, dalaivala uja wathera pomwepo. Kodi ganizo limenelo linali loipa? Mpaka lero ndimati linali labwino, choipa anali woganizayo.

Ndinalengeza ndekha nyumba ndi nyumba. Lamulungu masana pansi pa msasa panadzaza, ena anabwera pa njinga kuchokera pulazi yoyandikana, a ng'oma anasiya kuwamba ng'oma zawo padzuwa n'kudzaima kumbuyo. Rozina ndi anzake anali kumpopi, akuchapa nsalu imodzi yomweyo osatha. Bambo Zuze ndinawaikira mpando ndekha pambali panga, kuti aone bwino. Ine ndinavala jekete loyera la kukhitchini, dzuwa lili phwee, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinayamba monga mwa masiku onse. Ndinakapatsa moni kabokosi, ndinakafunsa ngati kadya, ndinakauza kuti kwawo ku Joni kakanene kuti kanakumana ndi mwamuna. Anthu anaseka. Ndinasuntha msilikali, pii, pii. Iko kanayatsa timagetsi, ndinakasunthira. Tinapitirira choncho kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo apa ndi pamene ndinazindikira vuto loyamba: ndiyang'ana pati? Maso anga anazolowera kusaka nkhope, koma patsogolo panga panali mpando wopanda munthu. Ndinayesa kukayang'anitsitsa kabokosiko, kali duu. Ndinakayimbira kanyimbo, kali duu. Munthu ukamunyoza amayankha kapena amatuluka thukuta, ichi chinkangodikira ngati kalaliki wa ku ofesi ya ziphaso.

Kenako kanatenga nthawi kakuganiza, kagetsi kamodzi kakuphethira. Ndinauza anthu kuti kagwidwa mantha, kakufunsa makolo ake. Ndinafika poimirira n'kuvina pang'ono. Katamaliza kanayatsa, ndinawerenga timagetsi tija, ndipo ndinaona kuti kakudya kavalo wanga, waulere, amene ndinamusiya poyera nthawi imene ndinkayimba ija. Tsono choipa cha makina amenewa n'chakuti sadzitengera okha. Ndinanyamula kavalo wanga ndi dzanja langa, kumuchotsa pabolodi ndekha, n'kuikapo msilikali wa mdani, ngati munthu wotumidwa kukathyola mkwapulo womukwapulira. Bambo Zuze anangosuntha mpando kufika pafupi.

Ndinasiya nyimbo. Ndinayesa kuganiza zenizeni, kuwerenga kuti ndikapita apa iko kapita apo, ine apa, koma mutu wosazolowera ntchito umafika masitepe awiri n'kubwerera. Posakhalitsa ndinaona tsoka likubwera: bishopu wake anali ataloza mfumukazi yanga kuchokera patali, kumbuyo kwa mfumukaziyo kuli mfumu, kothawira kulibe. Thukuta linali kamukamu m'jekete muja. Ndinayang'ana kumpopi, Rozina wasiya kuchapa, waima manja m'chiuno.

Munthu wanzeru akanagonja pamenepo, n'kunena kuti makina a azungu ndi ovuta, aliyense akanamvetsa, ngakhale Mandevu ankagonja. Koma chizolowezi chilibe nzeru. Ndinadzutsa mutu, ndinatchinga maso ndi dzanja, ndinafunsa mofatsa kwambiri ngati zimene ndikuona kumabedi si ng'ombe. Khamu lonse linatembenuka, bambo Zuze anaimirira, ndipo kachala kanga kanagwira ntchito yake, bishopu wa kabokosi anasamukira nyumba yoyandikana kumene sakanaona mfumukazi yanga. Anthu atabweza maso ndinapepesa kuti mwina zinali zitsamba, n'kusuntha msilikali wanga mwaulemu, pii, pii.

Kabokosi sikanaganize n'komwe. Kanayatsa timagetsi tiwiri tolozera panyumba yopanda kanthu, pamene panali bishopu paja.

Wina kumbuyo anafunsa kuti bwanji kakuloza pabwalo. Ndinati ndi zimene ndinkanena zija, makinawa asokonezeka, akuona mizukwa. Ndinadinikiza bishopu pamalo ake atsopano kuti mwina kavomereza, iko kanalira kulira kwina, kokhuthala, ngati mbuzi yokana kukokedwa, timagetsi tili pomwepo. Ndinadinikizanso, chimodzimodzi. Ndinati mwina ndi dzuwa, zinthu za ku Joni sizizolowera dzuwa la ku Mvurwi. Apa n'kuti anthu atasiya kuseka, akuyang'ana nyumba yopanda kanthu ija, akuyang'ana ine.

Ndinawonjezera china. Ndinanyamula kabokosi ngati ndikukachotsa padzuwa, chala chachikulu chikuzimitsa kuseri, timagetsi tonse thii. Ndinalengeza kuti mabatire atha, masewera athera pomwepa, ndipo poti kathawa kokha ndiye kuti palibe wagonja. Ena anayamba kuvomereza, ndipo ndinaona ngati ndapulumuka. Koma bambo Zuze ndi munthu wa kumabhani, moyo wawo wonse ndi woyang'ana ngati moto wazima wokha kapena wina wagona. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa ndi manja awiri, ndikanakana bwanji? Anasanthula kuseri, anapeza kabatani, anayatsa. Pii. Timagetsi tiwiri tomwe tija, nyumba yomwe ija. Kalibe kuiwala kanthu kaja, kalibenso chisoni.

Madala anakaika pansi bwinobwino. Anatenga bishopu uja ndi zala ziwiri, anamubweza pamene anali, anadinikiza, kabokosi kanalira pii wake wokondwa, n'kuyatsa panyumba ya mfumukazi yanga. Anandiyang'ana kuti ndimalize ntchito. Ndinachotsa mfumukazi yanga ndekha. Kenako anafunsa, osakweza mawu:

"A Tobiyasi, ng'ombe zija zatuluka m'mabedi?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Madala anapitiriza:

"Ndafunsa chifukwa zaka ziwiri tsopano ng'ombe za papulazi pano zimalowa m'mabedi Lamulungu lokhalokha, inu mukapanikizika."

Pamenepo ndiye komboni inaphulika. Aliyense anakumbukira utsi wake. Uyu akuti ndinamuonetsa utsi mwezi umene mabhani anali osayatsa n'komwe, uyo akuti ndinamuonetsa ng'ombe mbande zitawokeredwa kale kumunda, mayi wina akuti mwamuna wake anathamanga mpaka kudamu ndi chikwapu chifukwa cha ine. Bambo Zuze sanaseke nawo. Ananyamula mpando wawo, anadutsa kumpopi, Rozina anawatsatira ndi nsalu yake, osacheuka. Masewerawo ndinayenera kuwamalizabe, anthu anakana kuti ndichoke, ndipo kabokosi kanapha mfumu yanga n'kuyimba kanyimbo kakekake, pa mphamvu ya ana.

Sabata imeneyo sindidzaiiwala. Ndikamadutsa m'komboni amayi ankalozerana kumwamba n'kufunsana ngati akuona utsi. Mandevu atandifunsa zotsatira ndinati kabokosi kali ndi mwayi, iye anati nayenso amatero. Kumpopi Rozina sankabwera, ankatunga mng'ono wake, ndipo dalaivala wa thirakitala anayamba kundipatsa moni wansangala kwambiri, umene unandipweteka kuposa zonse. Manyazi ndinali nawo, koma chimene chinkandilanda njala ndi mantha, chifukwa mtsikanayo ndinkamukondadi, ndipo ndinkadziwa kuti ndamutaya ndi kachala kanga komwe. Ndinapempha amalume kuti Loweruka asapiteko. Iwo anati mawu anatulidwa kale, yankho liyenera kukatengedwa ngakhale likhale lowawa, ndipo ngati ndi kutukwanidwa akatukwanidwa iwo, ine ndidzawabwezera ndi kumva.

Anapita m'mawa, anabwera dzuwa litapendeka, anakhala pakhonde langa, anapempha madzi, anamwa pang'onopang'ono dala. Anati analandiridwa bwino, koma atangoyamba kupepesa za Lamulungu bambo Zuze anawadula. Akuti madalawo ankandikayikira kuyambira kale, osati za chesi zokha, ankaopa kuti munthu wochenjera chonchi, wogonjetsa akulu Lamulungu lililonse, adzamuzunguza mutu mwana wawo osagwidwa, ndiye n'chifukwa chake yankho linkachedwa. Ndinafunsa kuti nanga tsopano atani. Amalume anaika kapu pansi n'kubwereza mawu ake enieni:

"Tsopano mtima wanga wakhala pansi. Munthu wogwidwa ndi kabokosi ka mabatire, mwana wanga adzamugwira wopanda batire. Amutenge."

Umu ndi mmene ndinakwatirira, abale, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa apongozi anakhutira kuti ndilibe zokwanira. Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti sindidzakhalanso pansi ndi chinthu cha mabatire, ngakhale mundilonjeze ng'ombe, ndipo lumbiro limenelo ndalisunga. Madala aja ananena zoona, anangophonya pamodzi: kabokosi kaja nthawi zina kankayamba kaganiza kaye. Rozina saganiza, ndikangolowa pakhomo amandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti bwezerani pamene chinali.