Dona Estele ndi Tabuleti Yoterera

Ku Domwe kuno mukatchula Dona Estele, anthu amayamba ayang'ana kunsi kwa nsapato zawo, kenako n'kuseka. Achemwali angawa ankadana ndi chilichonse choterera. Therere sankadya, ati ndiwo zanji zothawa mkamwa. Sopo ankayamba amukulunga m'kansanza asanasambe. Ndipo m'chikwama mwawo, pafupi ndi korona, simunkasowa lisha, pepala lokhakhala lija akalipentala amapalira matabwa.

Udaniwu unayamba tsiku la ukwati wawo. Amayi a mpingo anapaka sera pansi m'tchalitchi mpaka simenti kumaonetsa nkhope, ndipo mkwatibwi, atavala nsapato zatsopano, anafika kuguwa chagada, miyendo patsogolo. Ena amati anatsetsereka kuchokera pakhomo. Limenelo ndi bodza, ine ndinalipo, anayambira pakati. Atadzuka anasasa diresi n'kuuza wansembe kuti, "Yambani, Abambo, ndafika."

Atapuma pa uphunzitsi mpata unachuluka, ndiye mudzi unaona zakuda. Tsiku lina akatekisiti athu, a Arcanjo, anapita kukacheza n'kuvula nsapato pakhonde. Potuluka anazipeza zitapalidwa kunsi konse.

"Dona Estele, nsapato zanga mwazitani?"

"Ndakupulumutsani."

"Koma ndagula dzulo lomweli ku Dedza!"

"Eya, zatsopanozo ndiye zoipa. Sizinaphunzire kuyenda."

A Arcanjo anali ndi dazi lonyezimira, ndipo kuyambira tsikulo sanavulenso chipewa pabwalo la achemwali.

Zonsezo tinkaseka. Chimene sitinaseke, poyamba, ndi nkhani ya mwana wanga Nércia. Iyeyu ankaphunzira kujambula mapulani a nyumba ku Tete, ndipo nthawi yokumba mbatatesi anabwera kutchuthi ndi tabuleti imene sukulu inamubwereka. Ankayenera kumalizirapo pulani ya mayeso ake otsiriza, n'kukaibweza ili bwinobwino.

Madzulo ena akujambula pakhonde, azakhali ake anakhala pambali n'kumasuzumira. Kaneta, cholembera chojambulira pa tabuletipo, inkangogogoda pagalasi, mzere n'kuthawira kumbali, Nércia n'kutsonya.

"Nanga khomalo lapindikiranji?" anafunsa achemwali.

"Kaneta ikuterera pagalasipa, azakhali."

Ine ndinayang'ana achemwali. M'banja mwathu mawu amenewo sitinkawatchula iwo ali pafupi. Koma anangoti "Oo," n'kupitiriza kusenda nyemba, ndiye ndinati mwina ukalamba wawafewetsa.

M'mawa mwake tinapita kumunda. Tabuleti tinaisiya kwa achemwali kuti ilowe moto, poti sola inali kwawo. Tikubwerako masana, matumba ali panjinga, tinamva kuseri kwa mpanda: kwe, kwe, kwe. Nércia anataya khasu n'kuthamanga.

Tinawapeza atakhala pamphasa, tabuleti ili pamiyendo, lisha m'manja, nkhope ili mwee. Galasi lonse linali litayera mbuu ngati udzu wa kudimba m'mawa wa chisanu.

"Ndinangoti ndiyese pangodya," anatero, "koma ndinaona kuti zikukoma."

Nércia sanalire. Anangokhala pansi pafumbi pomwepo n'kugwira mutu. Ine, amene chibadwire sindinawakwezerepo mawu, ndinakalipa mpaka nkhuku kubalalika.

"Achemwali, mwapha sukulu ya mwana! Ili si thabwa! Akanena chiyani ku Tete?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwanayo. "Josias, ine ndimangofuna khoma liwongoke."

Tinakwera shapa, minibasi ya ku Ulongwe, tonse atatu. Mipando inali yokutidwa ndi pulasitiki wonyezimira, koma achemwali sananene kanthu, ndipo apo ndinadziwa kuti zawakhudzadi. Pamsika tinalunjika kwa a Tino, bambo wokonza mafoni. Anaitembenuza tabuletiyo uku ndi uku, n'kuliza likhweru.

"Yagwa panjinga yamoto?"

"Yakumana ndi azakhali," anayankha Nércia.

A Tino analowetsa chikhadabo pangodya, n'kunyamula pang'onopang'ono. Kagalasi kopyapyala kanamatuka konse, koyera mbuu kaja. Pansi pake panali galasi lenileni, lakuda bii, lopanda ndi kachipsera komwe.

"Mwapala chotetezera chabe, mayi. A kusukulu anamatapo kale. Tabuleti ili moyo."

Ine ndinakhala pathumba la anyezi la mwiniwake. Nércia ndiye anayamba kulira tsopano, akusekanso. Achemwali anakonza mpango kumutu.

"Ine ndinadziwa."

"Simunadziwe, achemwali."

"Chabwino, sindinadziwe. Koma ndinapala mwaulemu."

Atamva chiyambi cha mlandu, a Tino anatulutsa kapepala kena m'kabati. Anati imeneyi ndi pelikula ya anthu olemba ndi ojambula, yosawala, yokhakhala pang'ono ngati pepala la m'kope. Anapukuta galasi, anamata, n'kuthamangitsa timpweya ndi kakhadi. Nércia anakoka mzere, ndipo kaneta inalira kuti shwee, ngati lapisi, pensulo ija ya kusukulu. Mzerewo unawongoka kuchokera uku mpaka uko.

Achemwali anapempha kuti akhudze. Anasisita ndi chala chachikulu nthawi yaitali, maso ali chitsinzinire.

"Wapanga ndani chimenechi?"

"Ku fakitale, mayi, kunja kwa dziko."

"Ndiye andibera nzeru. Zaka zonsezi mumanditcha wamisala, pamene kunjako anthu atsegula fakitale."

A Tino anachenjeza kuti pelikulayo imazimitsako kuwala kwa zithunzi, ndiponso imadya nsonga ya kaneta.

"Nanga lapisi sitisongola?" anatero achemwali. "Musandichititse manyazi chinthu changa."

Basi, chinasanduka chawo. Alangizi a zaulimi akafika ndi matabuleti awo kudzaona mbatatesi, achemwali ankawaimitsa panjira, kusisita galasi ndi chala, n'kupukusa mutu. Namwino wina wa pachipatala chathu anamata pelikulayo pongofuna mtendere, kenako anavomera yekha kuti dzanja likuyenda bwino. Chabwino koposa n'chakuti lisha sanaiyandikizenso pagalasi la munthu. Ankati ntchito imeneyo anaisiyira a fakitale.

Nércia anakhoza mayeso. Atayamba ntchito anagula tabuleti yakeyake, ndipo itakalamba anaisiyira azakhali ake, pelikula ili pomwepo. Nthawi imeneyo manja awo anali atayamba kunjenjemera, moti anali ataleka kulemba, iwo amene anaphunzitsa theka la Domwe kugwira lapisi. Koma pa tabuletipo chilembo chikapotoka ankafufuta osasiya dothi, ndipo palibe ankaona. Ankakhala padzuwa m'mawa, atafunda bulangete, n'kumalemba zilembo zikuluzikulu zozungulira, kujambula phiri la Domwe, ng'ombe za aneba, ngakhale ine, ndi makutu aakulu kuposa anga. Nsonga za kaneta anatha zambiri. Ndinawafunsa tsiku lina chimene ankachikondera chonchi.

"Tamvera," anatero, n'kukoka mzere. "Sukumva kalasi?"

Anatisiya mwezi wa mvula yambiri. Njira ya kumanda kwathu imatsika pamtunda wa katondo, ndipo tsikulo inali itanyowa ngati yopakidwa mafuta. Mkulu wa adzukulu anaima patsogolo pa bokosi n'kuuza anzake kuti, "Amuna inu, mukangoterera nawo awa, adzuka. Ndipo oyamba kuyankha mlandu ndinu."

Sindinaonepo maliro oyenda mosamala chotero. Anthu ankakumba thope ndi zala zakuphazi, amayi a kwaya anatsitsa mawu kuti asasokoneze onyamula. Bokosi litafika pansi bwinobwino, khamu lonse linapumira pamodzi kuti fuu, ndipo kuseka kunayamba kumbuyo n'kufika mpaka kwa wansembe. Ine ndinaseka misozi ikutsika, sindikudziwa kuti inali ya chiti.

Lero ku Domwe zinthu zikuwala mwaufulu. Munthu amagula mbale yatsopano n'kuiyanika panja osaika mlonda. Kunena zoona tapuma, ndipo achemwali akanamva akanati ndife osayamika. Kungoti mvula ikagwa, njira yodutsa pampanda wawo imakhala zii. Palibenso wotulutsa mutu pazenera n'kukuwa kuti, "Iwe, ponda bwino!" Munthu umangodziuza wekha chamumtima, n'kuchepetsa liwiro.