Jekete la Jenerali

Mungayende Suva, Manila mpaka Durban, mudzaona mbava za mitundumitundu, koma gulu lodzikhulupirira ngati la Clarrie Hargreave wa ku Townsville simudzalipeza. Dzina loti Jenerali anadzipatsa yekha, poti panalibe wina akanamupatsa. Asilikali ake anali awiri: Supuni, wowonda moti akaima chammbali umayamba kumufunafuna, ndi Firiji, yemwe pakhomo ankachita kulowa chopendekeka.

Lachisanu masana atatuwa anali m'bala, mabotolo ali mbwee patebulo, fani ikungotakasa kutentha.

"Amuna anga, mawa kuli ntchito," anatero Jenerali, akujambula mapu kuseri kwa pepala la mpikisano wa mahatchi. "Apa ndi pabwalo la netiboli. Azimayi a dera lino akugulitsa kaunjika wawo. Apa ndi patebulo la Noeleen."

Noeleen anali mkazi wake. Mwezi wathawo anali atamuthamangitsa ndi kachikwama kamodzi, n'kusintha maloko onse. Tsopano kunamveka kuti zovala za bamboyo zikupita pamsika, kuphatikizapo jekete lakuda lachikopa, limene Jenerali ankalivala ngakhale dzuwa likusungunula phula.

"Ndiye tikanyamula tebulo lonse?" anafunsa Firiji.

"Jekete basi."

Supuni anakanda m'mutu. "Koma bwana, osangopita kukaligula bwanji? Pamene paja zinthu n'zotchipa."

Jenerali anamuyang'ana ngati wamutukwanira mayi ake.

"Iwe, unaona kuti mwamuna akugula jekete lake lomwe? Ndipereke ndalama kwa Noeleen anthu akuona? Jekete limenelo ndi dzina langa, aise. Likagulidwa ndi kamkulu kena n'kumayenda nalo m'tauni muno, ine ndatha."

Pulani inali ya madolo okhaokha. Firiji akakomoka pafupi ndi powotchera masoseji kuti anthu onse athamangire kumeneko. Supuni akadikira m'pikiapu injini ikulira. Jenerali, atabisala m'chipewa chachikulu ndi magalasi akuda, akatola jekete. Mphindi zitatu, basi. Anagundanitsa mabotolo ngati athyola kale banki.

M'mawa mwake pabwalo panali posaponda phazi. Madiresi ali lendelende pazingwe, nsapato zoti zinavina ukwati umodzi n'kupuma ntchito zili m'mizere. Azimayi anabwera kudzataya zimene anagula chaka chatha, kuti m'makabati mupezeke malo a zimene agule lero.

Firiji ananyamuka kukakomoka. Ali m'njira, mayi wina wachikulire anamugwira mkono.

"Taima, mwana wanga. Malemu amuna anga anali thupi lakoli ndendende. Tayesa thalauza ili."

Chibadwire Firiji anali asanapezepo thalauza lomukwana popanda kudzera kwa telala. Analiyesa. Linalowa. Linamangika. M'maso munalengeza misozi.

"Alipo ena, amayi?"

"Makatoni anayi."

Zokomoka zinathera pomwepo.

Supuni naye anali atapeza malo abwino zedi oimikapo pikiapu: pakati penipeni pa mzere wa magalimoto a ogulitsa. Posakhalitsa bambo wina anasuzumira kumbuyo n'kunyamula jombo zamatope za Supuni.

"Zingati izi, achimwene?"

Supuni anatsegula pakamwa kuti akane, koma pakamwapo panatuluka, "Madola asanu." Bamboyo analipira osanenerera. Supuni anaiyang'ana ndalamayo nthawi yaitali. Aka kanali koyamba kulandira ndalama mwini wake akumwetulira. Anazimitsa injini. Pomakwana naini koloko anali atagulitsa chipewa, thaulo, lamba ndi malaya a pathupi pake.

Nthawi yonseyi Jenerali anali kuseri kwa madiresi a ukwati, thukuta lili kamukamu, kudikira chinkulirano choti munthu wakomoka. Sichinamveke. Koma Noeleen atawerama kufunafuna chenji cha kasitomala, iye anatambasula mkono, kusolola jekete m'katoni ya pansi pa tebulo, kulipana m'khwapa n'kuyamba kuyenda. Palibe anacheuka. Tinene zoona, pa ntchito zonse za moyo wake, yoyera inali imeneyi. Geti linali potero, msewu uli pululu.

Ndiye diso linagwera pa kapepala ka mtengo.

Panalembedwa madola 20, pofufutidwa. Madola 10, pofufutidwa. Madola 2. Pansi pake, m'zilembo za Noeleen zozungulira bwino: "N'labwino pogonera galu."

Jenerali anaima. Anayang'ana geti. Anayang'ananso kapepala. Anabwerera.

"Noeleen. Ichi n'chiyani?"

Mayiyo sanadzutse n'komwe mutu. "Wabwera, Clarrie? Chipewacho ukabweze kwa mlongo wako. Jeketelo ngati ukulifuna ndi madola awiri. Kwa iwe atatu."

"Madola awiri? Chikopa cha ku Italy? Tagwira mkatimu umve kusalala kwake."

"Lakhala pano kuyambira seveni koloko. Mmodzi yekha ndi amene analinyamula, n'kunena kuti likununkha fodya ndi bodza."

Anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo anaseka. Mayi wina wovala kabudula ndi mapatapata, soseji ili m'manja, anapapasa mkono wa jeketelo n'kukwinya mphuno.

"Ichi si chikopa, bambo. Ndi pulasitiki."

Jenerali anavula magalasi kuti amuone bwino munthu wosayendayu.

"Pulasitiki? Mayi, munatulukako m'tauni muno inu? Jekete ili linali pawindo la shopu ya zikopa ku Cairns, litavekedwa chidole, nyali ikuliwalitsa. Madola 900. Ndinawerenga ndi maso angawa."

"Inuyo?" Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Madola 900 munawatola kuti?"

Anthu anasekanso, Noeleen mokweza kuposa onse. Magazi anathamangira kumutu kwa Jenerali.

"Wanena zogula ndani? Ndinalowera padenga, pa Isitala chaka chatha, alamu ili phee ngati mwana woyamwa. Apolisi a ku Cairns mpaka lero akungokanda m'mutu. Chizindikiro cha shopuyo chili m'thumba lamkatili. Onani nokha, mudziwe kusiyanitsa chikopa ndi pulasitiki."

Mayiyo anaona. Anamaliza soseji yake, kupukuta zala bwinobwino, n'kusolola chiphaso cha upolisi m'thumba la kabudula.

"Sajeni Vella. Lero ndinali pa holide. Chaka chatha ndinkagwira ntchito ku Cairns, ndipo m'mutu ndinakandadi."

Jenerali analiyatsa liwiro kulowera kupikiapu. Anaipeza itatsekeredwa kutsogolo ndi kumbuyo, Supuni ali chifuwa pamtunda, dzanja lina litagwira thalauza kuti lisagwe.

"Liza galimoto, chitsiru iwe!"

"Dikirani kaye, bwana, ndili ndi kasitomala."

Firiji anatulukira atasenza makatoni anayi, akuwala m'thalauza la malemu. Ataona sajeni akubwera pang'onopang'ono, osafuna n'kuthamanga komwe, ananong'ona ndi mawu omveka bwalo lonse.

"Ndikomoke pano, bwana?"

"Ndiye muli atatu," anatero sajeni. "Zikomo pondipeputsira ntchito. Khalani pansi apo."

Anakhala m'mphepete mwa bwalo ngati ana asukulu ochedwa. Galimoto ya polisi itafika, sajeni anabwereka cholembera kwa Noeleen n'kuyamba kulemba, akuwerenga chapansipansi.

"Jekete limodzi lakuda, lobedwa. Chikopa chenicheni. Mtengo wake madola 900."

Jenerali anadzutsa mutu.

"Pepani, sajeni. Tabwerezani pamtengopo. Mokwezako pang'ono."

"Madola 900. Mukudziwa kuti mtengo ukakwera, mlandu nawo umakula?"

Izo Jenerali sanazimve n'komwe. Anaimirira, unyolo uli m'manja, chifuwa chili patsogolo, n'kutembenukira kwa mkazi wake.

"Wamva, Noeleen?"