Moto wa Alendo a Loweruka

Lolemba

Nkhani yatsimikizika! Loweruka kukubwera alendo kudzafunsira mbeta Misozi, mwana wa mlongo wanga, amene ndi nesi ku chipatala cha ku Crumlin. Mnyamatayo ndi wa ku Zambia, akutuma amalume ake, a Tembo. Makolo a Misozi ali ku Dedza, ndiye wolandira alendo ndine, kunja kuno kozizira, m'tauni ya Swords.

Mlongo wanga pafoni: "Achimwene, musandichititse manyazi. Aone kuti mwanayo ali ndi kwawo."

Aona ndithu. Pabalaza pathu pali moto wa gasi, uja wa pakhoma wa makala abodza. Chilowereni m'nyumba muno sitinauyatsepo, ndipo radiyeta ya pamenepo, chitsulo chotenthetsa m'nyumba, imangofunda ngati mpando umene wina wangonyamukapo. Loweruka uyaka. A Tembo akhale pampando wachikopa, malawi akuwawala pamagalasi, ine ndikuyankhula modekha.

Zofunika: kupukuta motowo, kusita suti, kumeta, kuletsa mwana wanga Tadala kutafuna chingamu pamaso pa anthu.

Amake Tadala akuti tiuze a landilodi atumize munthu wa gasi. Za chiyani? Ine ndinakula ndikukoleza mbaula.

Lachiwiri

Ndaweruka ku eyapoti, ndafikira kugwada pamoto paja. Fumbi! Kangaude! Ndapezamonso supuni yathu yotayika kalekale.

Makala ndawatsuka ndi sopo m'beseni. Ndi opepuka modabwitsa. Limodzi lasungunuka m'manja ngati bisiketi mu tiyi. Tadala, m'Chingerezi chake, akuti pa intaneti alemba kuti satsuka, amangopukuta ndi burashi yofewa, komanso lililonse lili ndi malo ake.

Malo ake? Khala?

Ndawabwezera mmene ndikuonera ine, mulu wabwino wosongoka.

Lachitatu

Ndadina batani. Tha, tha, tha. Zii. Ndadinanso. Wayaka!

Ndaitana onse adzaone. Malawi aatali, achikasu, okongola kwabasi. Tadala wagona chafufumimba pakapeti kuti awothe. Ine ndikuyeserera mawu a Loweruka.

Posakhalitsa khoma la pamwamba pa moto layamba kuda. Kenako kachipangizo koyera ka kudenga, kamene ndinkakayesa ka utsi wa kukhitchini, kalira mpaka m'mano kuchita nyerenyesi.

Amake Tadala sanafunse kanthu. Azimitsa moto, atsegula mawindo, amukoka mwana pamkono, tonse panja. Ine masilipasi, mvula ikuwaza. Amuyang'ana Tadala m'maso, amufunsa za mutu ndi chizungulire, monga amachitira ndi odwala kuntchito kwawo. Ali bwino.

Kwa ine mawu ochepa: "Mpweya wapoizoni umenewo sununkha, bambo a Tadala. Munthu amangogona."

Ndaimbira a landilodi ndekha.

Lachinayi

Wabwera wa gasi, wa ziphaso zake, bambo wansangala. Waona mulu wanga wa makala, waseka, wandisisita paphewa. Akuti si ine woyamba.

Wayatsa kanthu kofuka kuti aone ngati utsi ukwere m'chumuni. Utsi wonse wabwerera pabalaza, mpaka pa suti yanga yosita. Waunika ndi tochi m'mwamba. Timitengo, udzu, mapepala a tchipisi. Chisa! Akhwangwala aang'ono akunowa amanga nyumba m'chumuni mwathu.

Watseka gasi wopita pamotopo, wamata chipepala chochenjeza kuti wina asayatse. Akuti makala agulidwe atsopano, chumuni ipukutidwe, ndipo moto wotere uziyenderedwa chaka ndi chaka.

Chipepalacho chikuoneka munthu ali pakhomo.

Lachisanu

Ndaimbira wopukuta chumuni. Wafunsa ngati mbalamezo zikulowa ndi kutuluka. Ndati kwambiri. Akuti ndiye zaikira mazira, ndipo lamulo sililola kuphwasula chisa mpaka ana atauluka.

Khwangwala ali ndi lamulo lomuteteza! Ine wolipira lendi ndidikire.

Ndabwereka hita ya magetsi kwa aneba. Imanunkha ubweya wa galu wawo. Pamoto ndakutira chitenje cha amake Tadala, kutsogolo ndaika maluwa. Pakuoneka ngati paguwa.

Misozi watumiza uthenga: "Amalume, zonse zili bwino?" Ndayankha kuti asadandaule.

Loweruka

Afika a Tembo ndi akazi awo, anthu aulemu kwambiri. Majekete sanavule. Tapatsana moni mpaka wa abale a ku Chipata. Misozi ali kukhitchini ndi azakhali ake, amake Tadala, khutu lili pachitseko.

A Tembo akonza kukhosi, aomba m'manja pang'onopang'ono. "Ife tatumidwa. Tambala wathu waona kamsoti pakhomo pano."

Chitenje chagwedezeka.

Ndakweza mawu: "Pitirizani, bambo." Chagwedezekanso. Maluwa agwa. Kwatuluka khwangwala wakuda bii ndi mwaye, wazungulira pabalaza, wamenya nyale, watera pamutu pa mpando wa a Tembo. Akazi awo akuwa, athawira kukhitchini, agundana ndi Misozi pachitseko. Ine ndikuthamanga ndi thaulo, suti yonse mwaye.

A Tembo osasuntha. Aiyang'ana mbalameyo, andiyang'ana ine. "Amalume, uyu si amene tabwerera."

Ndaseka mpaka kukhala pansi. Nkhani yonse taikambira kukhitchini, choimirira, pafupi ndi uvuni. Tavomera. Misozi walira, kenako waseka, kenako waliranso.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense wamva kale. Bambo mfumu pondipatsa moni pakhomo andifunsa ngati alendo a m'chumuni adzuka bwanji.

Mlongo wanga waimba. Wasangalala, koma akufuna kudziwa chifukwa chake pa chithunzi chimene walandira mwana wake akulonjezedwa ukwati pafupi ndi sinki.

Masana ndakolopa mwaye kuseri kwa mashelefu. Chitenje sichikuyera, ndauzidwa kuti ndigula china. Hita ndabweza.

A Tembo atumiza uthenga wothokoza, wautali, waulemu. Kumapeto akuti chinkhoswe tikachitire ku holo ya parishi, iwo alipira okha, ine ndisavutike ndi zokonza malo. Ntchito yanga idzakhala kulozera anthu poimika magalimoto.

Ndavomera. Ndavala majuzi awiri.