Mwamuna Wamwala wa ku Napoli

Pali zinthu zina zimene ukazikumbukira, ngakhale uli wekha m'bafa, umangopezeka wagwira kumutu. Changa ine chinachitika Lamulungu lina masana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Kilimani mumzinda wa Nairobi, tsiku limene ndinaganiza zowaonetsa apongozi anga dziko la Italy.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kubungwe lina la mayiko ambiri, ndipo ndinali nditangobwera kumene kumsonkhano ku Napoli, mzinda wa padoko. Za msonkhanowo musandifunse, sindikumbukira kanthu. Koma mzindawo ndinauyenda mpaka nsapato kupendama, kamera yobwereka ili pakhosi, ndikujambula chilichonse chimene sichinathawe.

Ndinali pa chibwenzi ndi Tamanda, mtsikana wa ku Dedza amene ankaphunzira unamwino, akukhala kwa amalume ake ku Kilimani komweko. Amalumewo anali mkulu wa mpingo, munthu wosasekaseka, wosunga mano ake ngati ndi obwereka. Mawu anga ofunsira mbeta anali atafika kale, koma iwo anati sayankha mpaka mlongo wawo, mayi ake a Tamanda, atandiona ndi maso awo. Mayiwo anabweradi, ndege n'kuikwera koyamba, ndipo chawo chinali chimodzi: kuona ngati mwana wawo angaperekedwe kwa ine kapena ayi.

Nzeru yoonetsa zithunzi inali yanga (ndinene poyera, poti Tamanda anandiletsa). Ndinati popeza mkamwini ndi apongozi sayang'anizana m'maso, bwanji tonse tingoyang'ana kukhoma? Zithunzizo zinali masilayidi, tizithunzi tating'ono ngati bokosi la machesi, timene umatindandalika m'makina n'kumatiwalitsira pakhoma limodzilimodzi. Makinawo ndinabwereka kwa Kamau, mnzanga wa kuntchito, amene anandichenjeza kuti ndizidina kabatani "pole pole", chifukwa ukakadina mwaphuma kamakakamira.

Vuto linalipo limodzi, ndipo ndinkalidziwa. Pabwalo lina ku Napoli pali kasupe, ndipo pamwamba pake paima chiboliboli cha mwamuna wandevu, wogwira chifoloko chachikulu, wosavala ngakhale kansanza. Eni dziko amangodutsapo ndi ana awo osaphethira n'komwe. Ine ndinapempha mkulu wina wodutsa kuti andijambule pamenepo, ndikuganiza kuti atenga nkhope zokha, koma iye, pofuna kundichitira zabwino, anabwerera m'mbuyo mpaka zonse zinalowa. Choncho Loweruka, kunyumba kwanga ku Eastleigh, ndinapenda masilayidiwo pawindo mothamanga. Nditaona chinthu chamwala choima njo, ndinati ndi yemweyu, n'kuchiponya m'thumba la jekete.

Lamulungu ndinavala suti yanga ya safari yotuwira, ndinakwera minibasi imene kumeneko amati matatu, makina ali pamiyendo ngati mwana wodwala, ndipo ndinafika nthawi yabwino. Titadya, tinatchinga mawindo ndi mabulangete. Mayi ake a Tamanda anakhala pakona, pafupi ndi akazi a amalume, duku lili mpaka m'nsidze. Ndi ine sankalankhula mwachindunji. Mawu awo onse ankadzera kwa mchimwene wawo.

Chiyambi chinali chokoma. Ndinawaonetsa doko, sitima zazitali kuposa nyumba zosanja, asodzi akusoka maukonde, kenako phiri lija limene kalekale linalavula moto n'kukwirira mzinda wathunthu. Mayiwo anati kwa amalume andifunse kuti nanga anthuwo akukhaliranjibe m'munsi mwake, ndipo nditayankha kuti nthaka yake ndi yachonde, anagwedeza mutu ngati mlimi amene wamva zomveka. Mtima wanga unati ukwati uja ndi uwu.

M'chipindamo munayamba kutentha, ndiye ndinapisa m'thumba kufuna mpango. Dzanja linakhudza kasilayidi kaja. Sindidziwa chimene chinandituma, koma ndinakatulutsa n'kukapenda pa kuwala kotuluka m'mbali mwa makina. Sanali mwamuna wandevu. Inali nsanja ya linga lakale la m'mbali mwa nyanja.

Mkulu wamwala uja anali m'makinamo, pamzere, akudikira nthawi yake, ndipo ine sindinkadziwa kuti ali patsogolo kapena kumapeto. Kuyatsa nyali kuti ndimufufuze sikukanatheka, chifukwa amalume anali pambali panga penipeni, ndipo ndi anthu ofuna kugwira chilichonse n'kuchipenda okha.

Ndinayamba ndi kuchedwetsa. Chithunzi cha boti limodzi ndinachifotokoza ngati ndinalikhoma ndine, mpaka akazi a amalume anayasamula. Kenako ndinanena kuti zabwino zatha, zotsalazo n'zobwerezabwereza. Amalume anakana, amvekere mlongo wawo sanaonepo nyanja yamchere, ndiye aone zonse. Ndinati makina atentha, akufunika kupuma. Anatuma Tamanda kukatenga fani. Ndinapemphera chamumtima kuti magetsi azime (pemphero loona mtima kuposa onse amene ndinapempherapo m'tchalitchi), koma magetsi amene ankatizimira pa chilichonse, tsiku limenelo anasankha kukhulupirika.

Ndiye ndinkadina, maso nditatsinzina, n'kutsegula limodzi. Msika wa nsomba. Ndinapuma. Kudinanso: tchalitchi chachikulu, ndipo amalume anati ameni. Kudinanso: mkate wawo wophwatalala wopaka matimati. Kudinanso: kanjira kopapatiza, zovala zitayanikidwa pazingwe kuchoka nyumba iyi kufika iyo, zamkati zomwe, pamwamba pa mitu ya anthu odutsa. Pakona paja panamveka kutsokomola.

"Achimwene, tam'funseni," anatero mayiwo motsitsa mawu, "kodi kumeneko kulibe akuluakulu olangiza?"

Ndinayankha kuti alipo ndithu, n'kudina mwaphuma kuti zovalazo zichoke.

Anatulukira. Khoma lonse, kuyambira padenga mpaka pansi, ndevu, chifoloko ndi zina zonse zimene Mulungu anati tizibisa. Pambali pake panali ine, ndikumwetulira mano onse panja, chala changa chitaloza m'mwamba ngati ndikunena kuti taonani mbale wangayu.

Ndinadina. Kabatani kanakakamira. Ndinadinanso, makina anangolira osasuntha. Apa munthu wanzeru akanaphimba galasi la makinawo ndi chikhatho, kapena kuzula chingwe pakhoma. Ine nzeru zinali zitasamuka. Ndinalumpha katebulo, ndinakaima kutsogolo kwa khoma, manja nditatambasula, kuti ndimutchinge mkuluyo ndi thupi langa.

Ndinaiwala kuti kuwala kumagwera pa chimene chili patsogolo. Ndinaiwalanso kuti suti yanga inali yotuwira. Chimene chinali pakhoma chinasamukira pa ine, ndipo mwatsoka ine ndi mwamuna wamwalayo tinapezeka kuti tayenderana bwino lomwe, chilichonse pamalo pake.

Tamanda anathawira kukhitchini, ndipo phokoso limene linkachokera kumeneko sindinadziwe ngati kunali kulira kapena kuseka. Mayi ake anakoka chitenje n'kufunda kumutu.

"Chokanipo pamenepo, bambo," anatero amalume mofatsa. "Mukuipitsiratu."

Anazula okha chingwe. Ndinalongedza makina mumdima, ndinatsanzika khoma, ndipo palibe anandiperekeza. Masiku otsatirawo sindinadye bwino. Ndinkamukonda Tamanda, ndipo ndinali ndi mantha enieni kuti ndamutaya chifukwa cha mwala wa eni ake. Telefoni ya kuofesi ikalira, ndinkaithamangira.

Kutatsala pang'ono kuti mayiwo abwerere, amalume anandiitana. Anandikhazika pakhonde, n'kundiuza kuti mlongo wawo ananena kuti mnyamatayo nzeru ndi zochepa, koma manyazi ali nawo, ndipo munthu wamanyazi amatheka kukhala naye. Ndisanayambe kuthokoza, chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba mayiwo analankhula ndi ine mwachindunji, nkhope atayang'ana kumbali.

"Mwanayo mutengeni. Koma kudziko la anthu osavalalo, ine ndili moyo, asakapondeko."

Ndinalonjeza nditagwada, ndikuona ngati ndagula ng'ombe pamtengo wa nkhuku. Patapita zaka zochepa, bungwe lathu linandisankha kukagwira ntchito ku Italy komweko, udindo wokwera, nyumba yaulere, banja lonse kupita. Ndinalembera apongozi mwaulemu wonse kufunsa ngati mawu aja anali adakalipo. Anayankha kuti akuthokoza Mulungu, thanzi lawo lili bwino kwambiri.

Ntchitoyo anaitenga ndi Kamau.