Zikomo Amene Anadulidwa ndi Nyimbo ku Ulongwe

M'masiku aja foni zitachuluka kuposa nkhuku m'mapiri a Angónia, pamene aliyense wodziwa kugwira foni chopingasa ankadzitcha wopanga mafilimu, m'chaka chimene chisanu chinapsereza nyemba koma n'kusiya milomo ya anthu ili yobiriwira, ndinamva mawu awa mu shapa, minibasi ya kwathu kuno, yochokera kumalire a Kalomwe:

"Ine palibe munthu amene sindingamutseke pakamwa. Ngakhale padiri ali pakati pa ulaliki, ndikangodina apa, amati amen."

Wolankhulayo anali a Gervásio, Mphenzi ya pa Mikorofoni, Mwini Jekete Lonyezimira, iwo amene ayendetsa maukwati kuchokera ku Ulongwe mpaka kumalire osapempha ndi madzi akumwa omwe. Ankaonetsa foni yawo kwa mayi wina wonyamula thumba la kabichi. Mayiyo anayang'ana foniyo, kenaka n'kubwerera kwa kabichi wake. Ine ndinayang'ana kunja pawindo. Ndinakwatira kalekale, ndipo ndikudziwa kuti pali pakamwa pena pamene batani silifika.

Nkhondoyi inayamba ndi ulemerero. Achinyamata anakonza mwambo wopereka mphoto kwa mafilimu ojambulidwa pa foni, woyamba chilengedwere mapiri athu. Anasesa nyumba yosungiramo mbatatesi, nayala makapulana ofiira, zitenje za amayi, kuchokera pakhomo mpaka kutsogolo kuti opambana apondepo. Mphoto yaikulu inali Mbatatesi ya Golide, yosemedwa pamtengo n'kupakidwa penti wotsala pa geti la munthu. Woyendetsa mwambo anali a Gervásio, ndipo iwo anali ataona pa kanema kuti kumayiko akutali wopambana akatalikitsa mawu amamuthira nyimbo mpaka atsike. Choncho analengeza lamulo: aliyense mphindi imodzi.

Mbatatesi inagwera Inosenti, Diso la Kabawi, Mwini Foni Yosweka Galasi, mkamwini wa ku Lifidzi, chifukwa cha filimu yake yotchedwa Maliro a Lachiwiri. Filimuyo inafuna mtembo, ndipo m'mudzi monse panalibe wolola kugona ngati wakufa, pakuti ndani angadziitanire malodza ndi manja ake? Amene analola, chifukwa cha mwana wawo Neusa, mkazi wa Inosenti, anali apongozi ake, a Efigénia. Anagona pamphasa tsiku lathunthu, thonje m'mphuno, ntchentche zikuchita misonkhano pachipumi pawo, iwo osaphethira. Oonera ena analira zenizeni. Wina anafika kunyumba kwawo ndi ufa wachipepeso.

Inosenti anakwera kutsogolo. Tsono munthu woleredwa bwino sayamba ndi zakumtima. Amayamba ndi akuluakulu, ndipo nyama yonona amaisungira kumapeto. Anathokoza Mulungu. Anathokoza oimira a administradori, bwanamkubwa wa boma lathu, mafumu onse mwa maudindo awo, padiri, a profesori amene anamuphunzitsa kulemba, mwini nyumba ya mbatatesi ndi akazi awo. Kenaka anapuma, nakweza mphotoyo.

"Ndipo koposa onsewa, ndithokoze mayi amene analola kufa chifukwa cha ine, apongozi anga, a..."

Chala cha a Gervásio chinatsika pa batani la foni. Zokuzira mawu zinabangula nyimbo yovinira. A Efigénia anali atayamba kale kudzuka, dzanja lili pa mpango kuukonza kuti anthu awaone ali amoyo. Anaima theka, nayang'ana kutsogolo, nakhalanso pansi. Kukhala pansi kumeneko kunamveka mpaka ku Dedza.

M'mawa mwake dziko linagawanika. Osintha ndalama a pa Kalomwe, anthu oyamikira changu, anaima ndi a Gervásio.

"Akanamusiya akanathokoza ndi mbuzi zomwe," anatero mmodzi.

Amayi ogulitsa tomato pamsika wa Ulongwe anaweruza mwina.

"Jekete lija lawalowa m'mutu. Nthabwala zawo zomwe zija za paukwati wa chaka chatha, angosintha mayina."

"Komanso anadziombera okha m'manja, munaona?"

Onyamula katundu panjinga anati mbatatesi inayenera kupita kwa Vânia, amene filimu yake inali ndi njinga yothamanga ndiponso mathero omveka. Akuluakulu a tchalitchi anati mwa onse osewera, wodziwa ntchito anali mtembo. Pa mfundo yokhayi magulu onse anagwirizana, ndipo inali nthawi yomaliza kugwirizana.

A Efigénia, Iwo Amene Anafa Nauka, Wosaphethira Pamaso pa Ntchentche, sanakalipe. Anaitana Neusa.

"Ukawauze amuna ako kuti ine ndinafa mufilimu muja, ndipo sanandidzutse. Dimba lija ndinati ndiwapatsa chaka chino, aiwale. Wakufa sagawa dimba."

Dimbalo linali la m'mphepete mwa mtsinje, la dothi lakuda losauma ngakhale mu Okutobala, ndipo Inosenti analidikira chikwatirire, akulima munda wa miyala kumtunda modzichepetsa monga mkamwini. Mbewu ya mbatatesi anali atagula kale. Inali itayamba kuphuka m'thumba, ndipo anzake onse m'dambo anali atabzala.

Mkamwini sapita kukaima pamaso pa apongozi n'kuyamba kufotokoza. Akakumana panjira amapatukira kutchire. Mikorofoni ija ndiyo inali mlatho wokhawo umene mwambo unamulola kuwoloka. Anatuma Neusa ndi zikomo, zikomoyo anabwerera. Anatuma nkhoswe yake, a Cassimiro, ndi zikomo yemweyo atamangirira tambala. Tambala anatsala, zikomo anabwerera.

"Akuti padiri anathokozedwa pa zokuzira mawu," anatero a Cassimiro, "ndipo padiri sanaikidwe thonje m'mphuno. Akuti zikomo wa kuseri kwa nkhokwe mukampatse mwini nyumba ya mbatatesi."

Pamenepo Diso la Kabawi anakwera njinga yake yopanda mabuleki akumbuyo, natsika nayo mapiri, nakapeza Mphenzi ali pa baraka, pomwera zakumwa, akupukuta magalasi akuda. Anthu anasuntha mipando kuti ankhondo apeze bwalo.

"A Gervásio," anatero Inosenti, "inu amene munadula dzina la mayi pakati ngati nzimbe, ndabwera kudzatenga mawu anga otsala. Mubwere ndi zokuzira mawu zanu ku Lifidzi, ndimalize."

A Gervásio anaimirira, nakoka jekete m'mapewa.

"Achimwene, ine sindinadule munthu, ndinadula nthawi. Kodi dzuwa likamalowa limafunsa ngati mwamaliza mzere? Inu munapatsidwa mphindi, n'kuigawira akazi a mwini nyumba. Dziko lonse lotsogola limachita monga ndinachitira ine. Ndikabwerera m'mbuyo lero, mawa Angónia adzasekedwa ndi mayiko."

"Mayikowo ali ndi apongozi?"

Funsoli olemba mbiri akulisinkhasinkhabe. A Gervásio anangoti pronto, ndiye kuti basi, nakhala pansi. Inosenti anakankha njinga kukwera mapiri omwe aja, mbewu ikuphukabe m'thumba.

Koma Mphenzi anaiwala chinthu chimodzi, chimene ngwazi zambiri zaiwala zisanagwe: maukwati onse a ku Lifidzi amaphikidwa ndi kuimbidwa ndi amayi, ndipo amayiwo amayang'ana nsidze za a Efigénia asanayambe nyimbo.

Loweruka lotsatira kunali ukwati, ndipo woyendetsa anali a Gervásio. Anatuluka jekete likuwala ngati denga la malata atsopano, nakweza mikorofoni.

"Amayi ndi abambo, ine monga..."

A Efigénia anakweza nsidze. Amayi onse a m'khitchini ndi a m'kwaya anagwetsa nyimbo, nthungululu pamwamba, m'manja pansi. A Gervásio anadikira ngati munthu wodziwa ntchito. Nyimbo itatha anayesanso.

"Monga ndimanena..."

Inagwa ina, ya mavesi ambiri. Anakweza zokuzira mawu mpaka kumapeto. Amayi anawonjezera mapoto ndi zikombe. Anayesa nthabwala ya mkamwini waulesi, imene siinawagwiritsepo mwala. Inamira isanafike pa mkamwiniyo. Tsiku lonse Mphenzi ya pa Mikorofoni sanamalize chiganizo ngakhale chimodzi, ndipo akwati anavomereza pambuyo pake kuti unali ukwati wokoma koposa, wothanso dzuwa likadalipo. Mawu omalizawa ndiwo anawalasa a Gervásio. Mabanja ena amene anali atawaitana anayamba kufunsa ngati woyendetsa mwambo ndi wofunikadi.

Lolemba anapezeka pakhomo pa a Cassimiro, jekete atalipinda pamkono.

"Ndabwera kudzamva za mtendere," anatero. "Osati kuti ndagonja. Ndikungoganizira dziko."

"Dzikolo likufuna foni yanu," anatero a Cassimiro. "A Efigénia akuti pa tsiku la mtenderelo batani agwira ndi iwo."

Mtendere unachitikira pabwalo la a Efigénia, masana, pamaso pa mboni: amayi oimba, osintha ndalama amene anatseka ntchito, onyamula katundu, Vânia ndi foni yake akujambula, ndiponso tambala uja, amene anali asanadyedwe. Zokuzira mawu zinabwera pangolo ya ng'ombe. Makapulana ofiira anayalidwa kuchokera pa khonde mpaka pa khola la nkhumba, chifukwa bwalo linathera pamenepo. A Efigénia anakhala pa mpando, foni ya Mphenzi ili pamiyendo, chala chili pamwamba pa batani.

Inosenti anagwada chapatali, atayang'ana kumbali monga mwambo ufunira, kotero kuti mawu ake onse anawalankhula kwa mtengo wa pichesi. Anthu ankaopa kuti ayambiranso kwa a administradori. Koma iye anayambira pomwe anadulidwa, ngati mlimi wobwerera pamzere umene mvula inamuthamangitsapo.

"...Efigénia," anatero.

 Kenaka anapitiriza. Anathokoza msana wawo umene unapirira mphasa. Anathokoza mphuno zawo. Anathokoza kuti atayetsemula wojambula, mtembo sunaseke. Anathokoza chifukwa cha Neusa, ndipo apa mawu anamuthawa pang'ono, mtengo wa pichesi n'kumudikira. Mphindi inadutsa, inanso, inanso. A Gervásio ankayang'ana chala chija ngati munthu waludzu woyang'ana chitsime, koma chalacho sichinatsike.

Atamaliza, Neusa anatenga Mbatatesi ya Golide nakaiika pamapazi pa mayi ake. A Efigénia anaiyang'ana, naitembenuza ndi chala cha kuphazi.

"Iyi siphuka," anatero. "Neusa, uwauze amuna ako kuti ndadzuka. Akabzale zenizeni mawa, dothi lisanawaiwale."

Nthungululu zinang'amba thambo. Osintha ndalama anakumbatirana ndi ogulitsa tomato. Ng'ombe za pangolo zinavekedwa makapulana, ndipo tambala, amene anaona nkhondo yonse kuyambira pachiyambi, anapatsidwa ulemu wokhala ndiwo ya mtendere.

Pamenepo a Gervásio, mtima utasefukira, anavalanso jekete, natola mikorofoni, naima pakati pa kapulana wofiira kuti atseke mwambo ndi mawu oyenera tsiku lalikulu.

"Amayi ndi abambo, ine monga munthu amene wabweretsa mtendere uno..."

A Efigénia anadina.